Chipewa cha Malemu Eliyasi

Tsiku limene tinasankha zipewa pa ofesi yathu ya ku Golomoti tinalipo anthu asanu, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzanene kuti Fabiano Mbewe anapeka nkhani atakalamba. Panali Mayi Msiska, bwana wathu, amene anali asanathe chaka chibwerereni kuchokera ku Lilongwe. Panali a Benedikito, osunga katundu, munthu wophunzira ku Mua, wolemba zoongoka ngati makina. Panali Che Saidi a kunyanja, mnzanga woyendetsa njinga yamoto. Panali Matiyasi, mwana wanga wachisamba, amene anali atangoyamba kumene ntchito yomweyo. Wachisanu ndinali ine. Pa tebulo panali makatoni atatu, ndipo m'katoni iliyonse munali chipewa cha panjinga, chija a m'maofesi amati helemeti. Lero Che Saidi anatisiya, a Benedikito anachita khungu, Mayi Msiska sindidziwa kumene ali. Tatsala awiri, ine ndi Matiyasi, ndipo iye nkhaniyi safuna n'kuiyamba komwe. Ndiye ndati ndilembe ndekha m'kope limene ndalanda mdzukulu wanga, inu ana mudzawerenge ine nditagona. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, dzanja langa limayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa, koma kumene likupita lifika. Muyambe mwamva kumene ndinachokera ndi njingazi, apo ayi za tsikulo simungazimvetse.

1995, Mtakataka

Ntchito yanga yoyamba yolandira pakutha pa mwezi ndinaipeza chifukwa cha pakamwa pangapa. Zipani zambiri zitabwera, mabungwe anamera kuno kunsi kwa phiri ngati bowa, ndipo lina la zaumoyo linatsegula ofesi pa Mtakataka. Dzina lake sindilitchula, linandidyetsa pafupifupi zaka makumi awiri. Tsiku lina bwana wake woyamba, a Gondwe, anali pa sikelo ya ana pansi pa mtengo wa mango, chimkuzamawu chawo chitatha mabatire, amayi osabwera. Ine ndinali chapafupi ndikugulitsa mbiya za mayi anga. Ndinangokwera pa chulu n'kukuwa kuti, "Sikelo yafika! Wobisa mwana m'nyumba akumana ndi ine!" Anabwera amayi a midzi itatu, ena manja ali ufa okhaokha. A Gondwe anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Achimwene, kodi munameza wayilesi?" Ndinati, "Ayi bwana, wayilesi ndiyo inaphunzira kwa ine." M'mawa mwake ndinali mesenjala, wa njinga yakapalasa.

Patatha chaka bungwe linabweretsa mthuthuthu wofiira, a Gondwe n'kunena kuti uyu amene amamveka asanafike ndiye akwere. Anandiphunzitsa okha pa bwalo la mpira. Golo ndinaligunda kawiri, kachitatu linandipewa lokha. Vuto linali mapepala. Laisensi inkafuna kudziwa zikwangwani, ndipo ulendo uliwonse unali ndi fomu yake. Apa ndi pamene ndinadziwana ndi a Benedikito. Anaona mmene ndinagwirira fomu tsiku loyamba, mutu wake uli pansi, ndipo sanaseke. Anandiitanira m'chipinda cha katundu, natseka chitseko, nati, "A Mbewe, maso anu akuoneka otopa lero, bweretsani ndikuwerengereni." Maso anga anakhala otopa choncho zaka khumi ndi zisanu, ndipo munthu uja sanauzepo wina aliyense. Zikwangwani anandiloweza pamtima ngati katekisimu. Ichi muchisunge, chifukwa munthu amene ndimunene kutsogoloku ndi yemweyu.

Chipewa changa choyamba chinali chogwiritsidwa kale ntchito. A Gondwe anabweretsa ziwiri kuti ndisankhe, ine n'kuchita zimene ndinkadziwa. Mayi anga, oumba mbiya, anandiphunzitsa kuti mbiya sagula ndi maso. Umapinda chala, n'kugogoda khutu lili pafupi. Yamoyo imayankha bwino, koma yokhala ndi mng'alu wobisika imangoti phu, ngati chifuwa cha wodwala. Ndinagogoda choyamba, chinati kho. Chachiwiri chinati phu. A Gondwe ataseka mokwanira anasenda nsalu ya m'kati mwa chachiwiricho, napeza mng'alu wotalika ngati chala. Kuyambira pamenepo sanandisekenso, ndipo ine sindinavalepo chipewa ndisanachifunse kaye.

2002, kufupi ndi Bwanje

Chaka cha njala anandisamutsira ku kaofesi ka kufupi ndi Bwanje, ndipo kumeneko n'kumene thupi langali linayamba kutha. A Gondwe anali atapita. M'malo mwawo munabwera bwana wina amene sindimutchula chifukwa ana ake alipo. Ameneyo galimoto ya bungwe inkanyamula makala ake, ife matayala osawaona. Ndinayendapo masabata atatu tayala lakumbuyo nditalidzaza udzu. Tcheni chikaduka ndinkalumikiza ndi waya, ndikapempha china yankho linali lakuti, "Mbewe, iwe umakuwa kwambiri, kakuwe ku Lilongwe akakupatse." Ndinkamanga bokosi lozizira la katemera kumbuyo, thumba la likuni phala patsogolo, n'kumadutsa m'mphepete mwa minda ya mpunga momwe matope ake amagwira ngati ulimbo. Anthu ankandithamangira poyesa kuti ndabweretsa chimanga, ndikati ndi katemera ankangotembenuka osayankha. Mawu anga aakuluwa chaka chimenecho analibe ntchito. Munthu wanjala sakuwiridwa.

Za zipewa ndinaphunzira m'zaka zimenezo, osati m'kalasi, koma ndi khosi langali. Anyamata a kabaza a masiku ano amasankha chipewa poona mtundu, ena amangochikoleka pa chigongono ngati dengu lopita nalo kumsika. Mverani ine. Chipewa cha ulendo wa apa ndi apo ndi china, cha ulendo wa tsiku lathunthu ndi chinanso. Chimene m'mawa chikulemera pang'ono, pofika madzulo chasanduka mtondo. Chachikulu chimavina pamutu ukalowa m'mabampu, ndipo tsiku lakugwa chimayamba ndicho kuthawa, iwe n'kutsala wekha ndi mwala. Chothina chimakuluma pachipumi mpaka maso kuona ziwiriziwiri. Chotseka kumaso konse n'chabwino pa fumbi ndi pa tizilombo ta m'dambo, koma mu Okutobala kuno kwathu umapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Ndinali nacho china cha galasi lakuda. Ndikalowa m'mudzi ana ankabalalika akukuwa kuti chilombo chatuluka kudambwe, amayi n'kutseka zitseko, sikelo n'kulephereka. Galasilo ndinalichotsa ndekha, bwana n'kundilembera kalata yoti ndawononga katundu wa bungwe. Nanga lamba wa pachibwano? Ayenera kugwira zolimba koma kumasuka msanga, chifukwa ukapeza masamba atayala pamsewu ndiye kuti pali maliro, utsike, uvule chipewa, ukankhe njinga. Ndinaonapo mnyamata wa m'tauni akulimbana ndi lamba wake pamaso pa adzukulu, aja okumba manda, ndipo tsiku limenelo sanafike kumene ankapita.

Zonsezi palibe bwana anandifunsapo. Zipewa ankagula anthu amene sanakwerepo njinga, ndipo zinkabwera za saizi imodzi, ngati kuti mitu ya anthu akumudzi inaumbidwa m'chikombole chimodzi.

2010, Golomoti

Ku Golomoti ntchito inali yonyamula magazi. Tinkazungulira m'zipatala zing'onozing'ono kutenga timabotolo ta magazi a odwala, n'kukwera nato phiri pa msewu wa Khwekhwelere mpaka ku Dedza boma kuti akayezedwe, n'kubwerera ndi mapepala a zotsatira. Amene simunakwerepo msewu umenewo pa njinga musandiuze za kutopa. Kunsi kuno umanyamuka thukuta lili chuchuchu, pamwamba ukupeza chifunga ndi chisanu cholowa m'mafupa, galasi la chipewa lachita nthunzi, ndipo makona ake ndi opindika ngati matumbo a mbuzi. Kupita ndi kubwera, kawiri pa sabata aliyense. Ndikafika kunyumba mayi anu ankanditsitsa ngati thumba.

Oyendetsa tinalipo atatu: ine, Che Saidi ndi Eliyasi. Eliyasi anali mnyamata wa kwaya, wa ana awiri, ndipo ankaimba m'kati mwa chipewa njira yonse, ankati m'menemo mawu amamveka ngati m'tchalitchi. Che Saidi ankamuseka kuti, "Iwe, tsiku lina udzameza njuchi, Aleluya wako adzatuluka ndi uchi." Tonse tinali ndi zipewa zoyera zotseka kumaso, zofanana.

Eliyasi anagwa nthawi ya mvula akutsika phiri. Pa kona ina madzi anali atasiya mchenga, njinga inaterereka, iye n'kumenyetsa mutu pa mwala wa m'mbali mwa msewu. Ine ndinafika thupi atalichotsa kale. Chipewa chinali chili pa udzu, ndipo pochiona sukanadziwa kuti chapha munthu. Utoto wokha ndiwo unali utakalika kuseri kwa khutu lamanzere. Ndinachitola, dzanja langa n'kugogoda lokha pamalo pomwepo. Phu. Ndinakhala pansi m'matopemo, ndipo anthu a m'malole amene ankadutsa anamva mmene Mbewe amalirira.

Maliro atatha, tsiku logawa zovala, ndinapita nacho chipewacho kwawo. Malume ake anachiyang'ana chili m'manja mwanga, osachikhudza. Anati, "Malaya ndi nsapato tachapa, tagawana monga mwa mwambo. Icho chinamva mpweya wake womaliza, komanso si chathu, ndi cha bungwe. Bwererani nacho, bambo." Ndinabwerera nacho. A Benedikito, amene nawonso anali atasamutsidwira ku Golomoti, anachiika pa shelefu ya pamwamba kuseri kwa makatoni, ndipo panalibe wochiyandikira. Che Saidi sankalowa m'chipindamo asananene Bisimila.

Malo a Eliyasi anatenga Matiyasi. Sindinamupemphere ntchitoyo, anayesedwa pamodzi ndi anzake asanu ndi mmodzi, nawapambana, chifukwa njinga anaiphunzira ali pamsana panga. Mwana ameneyu anali atavutika. Ku Joni anapita, anamubweza ndi malaya a pathupi okha. Munda wa mpunga umene ankabwereka eni ake anatenga. Mkazi wake anali woyembekezera. Anamulemba mongoyeserera kaye, akuti aone miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ankabwereka chipewa changa kapena cha Che Saidi tsiku limene wina sakuyenda.

2011, Golomoti

Mayi Msiska anafika chaka chimene mafuta ankasowa, anthu akugona pa mizere. Mwa mabwana onse amene ndinagwira nawo, awa ndiwo sanabepo ngakhale pensulo, koma anali ouma ngati chikumba. Sabata yoyamba anaitanitsa zipewa zathu ziwiri zija, nayang'ana lamba wanga womanga ndi linya, natuma mlonda kuti abwere ndi hamala. Ndinakuwa mpaka a m'minibasi pa siteji anatembenuka. Ndinati, "Mayi, chipewa ichi chandisunga zaka zisanu!" Iwo anati, "N'chifukwa chake chatopa, Bambo Mbewe. Ndikakusiyirani mudzachivalabe. Ine sindinabwere kuno kudzayenda maliro." Anaphwanya zonse ziwiri. Za chachitatu cha pa shelefu chija sankadziwa, ndipo palibe anawauza. Analamula kuti njinga isatuluke mpaka zipewa zatsopano zitabwera.

Njinga zinaima miyezi itatu. Magazi tinkakwera nawo minibasi, ikapezeka, ndipo ambiri ankafika atawonongeka ndi kutentha, odwala n'kubayidwanso kachiwiri. Ku Lilongwe anayamba kufunsa chifukwa chake akusunga oyendetsa atatu ongokhala pa benchi. Kenako inabwera kalata, Mayi Msiska anatiwerengera tonse: zipewa zitatu zatumizidwa, zina sizibweranso chaka chino kapena chamawa, ndipo njinga imene ikhale yopanda chipewa ibwerere ku Lilongwe, woyendetsa wake ntchito ithe. Tonse tinadziwa kuti zikatero woyamba kuchoka ndi wongoyesereredwa uja.

Makatoni anafika Mayi Msiska ali ku msonkhano, anakhala m'chipinda cha a Benedikito masabata awiri. Ndiye linafika tsiku ndanena poyamba lija. Linali Lachisanu m'mawa, kunja kukutentha kale. A Benedikito anatulutsa zipewa m'makatoni n'kuziika pa tebulo, zoyera, zonyezimira, zofanana ndi zakale zija, saizi imodzi monga mwa nthawi zonse.

Mayi Msiska anati, "Bambo Mbewe, wamkulu pano ndinu, yambani. Kenako Che Saidi. Matiyasi atenga chotsala."

Che Saidi anamugunda Matiyasi ndi chigongono. "Wamva? Wobwera mochedwa amanyambita mbale."

"Zonse n'zofanana, Che Saidi," anatero Matiyasi. "Ngakhale mbaleyo ndinyambita, bola njinga iyende."

Ndinatenga choyamba, n'kupinda chala. Kho, kho. Mayi Msiska anakweza nsidze. "Mukudikira kuti wina ayankhe kuti lowani?"

"Akayankha ndikuuzani, Mayi," ndinatero, onse n'kuseka. Chachiwiri, kho, kho. Ndinatenga chachitatu ndikusekabe. Pamwamba chinayankha bwino. Ndinatembenuza, n'kugogoda kumbuyo. Phu.

Ndinayesa khutu langa lanama. Ndinagogodanso, kuseri kwa khutu lamanzere. Phu. Ndinalowetsa chala pansi pa nsalu ya m'kati ngati ndikuona kufewa kwake, ndipo chala chinapeza mzere wolimba, womatidwa ndi phala lija amamatira galimoto zogundidwa. Nditayandikiza mphuno ndinamva sopo wochapira, ndi utoto kumbuyo kwake. Galasi linali latsopano, zomata za bungwe zinali zatsopano. Koma chipewa chimenechi ndinachinyamulapo m'matope, ndinayenda nacho mpaka kwa malume ake a mwini wake. Ndinachidziwa monga umadziwira chifuwa cha mwana wako akatsokomola kuseri kwa nyumba.

Ndinakweza maso. A Benedikito ankayang'ana bolopeni yawo, thukuta likutsika m'khosi kulowa m'kolala, milomo ikuyenda ngati akupemphera korona.

Ana inu, mumandidziwa. Ndakuwirapo mabwana, apolisi a pamsewu, ngakhale abambo mfumu tsiku lina pa nkhani ya mabenchi. Mawu anali atafika kale pakhosi. Koma ndinaona kumene akagwere. Ndikakuwa, a Benedikito achotsedwa, mwina apolisi awatenga, munthu amene anafunditsa umbuli wanga zaka zonsezi. Chimenecho ndikanapirira, chifukwa anali atalakwa. Koma ndikakuwa, zipewa zitsala ziwiri, njinga yachitatu ikwera lole, Matiyasi abwerera kukakhala pakhonde mkazi ali pafupi kuchira. Ndikakhala chete n'kutenga chabwino, ichi chigwera Che Saidi, bambo wa ana asanu ndi awiri, kapena chitsalira wonyambita mbale uja. Ndipo Lolemba woyamba kukwera phiri anali Matiyasi. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja, sindidziwa nthawi yake, mpaka Mayi Msiska anayang'ana wotchi.

"Bambo Mbewe, si ukwati uwu."

"Changa ndi ichi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti Che Saidi anandiyang'ana.

"Simunachiyese n'komwe. Valani tione."

Chinthu chimene malume ake enieni anakana kuchikhudza, ine ndinachilowetsa kumutu kwanga. M'kati munali mozizira ngakhale kunja kunali ng'anjo. Ndinamva kupuma kwanga kukubwerera m'makutu, ndipo ndinakumbukira zija ankanena mnyamata uja, kuti m'menemo mumamveka ngati m'tchalitchi. Mayi Msiska anamanga lamba, nagwira kuchibwano n'kugwedeza uku ndi uku, nati, "Chakukwanani bwino. Mwasankha bwino."

"Walahi, madala awa!" anatero Che Saidi akutola chake. "Kusankha chipewa ngati akugula chivwende. Changa sindigogoda, ndingadzutse za m'katimo."

Matiyasi anatenga chotsala, chabwino, nachivala, nadziyang'ana pa galasi la zenera.

Masana ndinawapeza a Benedikito m'chipinda chawo cha katundu. Tsiku limenelo wotseka chitseko ndinali ine. Ndinayang'ana pa shelefu ya pamwamba, panali mbee. Iwo anayamba okha, ndisanafunse.

"A Mbewe, mayi akunyumba anali m'chipatala, mukudziwa. Mankhwala kunalibe, ankati tikagule. Munthu wina wa ku Salima anafuna chimodzi mwa zatsopanozi, ndinamugulitsa. Ndinati ndidzabweza chisanadziwike."

"Ndiye munatsitsa cha malemu."

"Amene anamata ananditsimikizira kuti chalimba kuposa kale."

"Chalimba? Tavalani, tikwere phiri, ndikunyamulani ine."

Ndinati, "Mumadziwa kuti ine ndimagogoda. Zaka zonsezi mwandiona. Ndiye mumati ine ndichisiya. Mumati chigwera ndani?"

"A Mbewe..."

"Tchulani dzina, a Bene. Inu ndinu ophunzira, mayina mumawadziwa. Chigwera ndani?"

Sanatchule. Analira, munthu wamkulu wa imvi, atagwira shelefu. Ine sindinawakhudze, sindinawanenere, koma kuyambira tsiku limenelo pepala langa sanaligwirenso. Ndinakalowa sukulu ya kwacha pamodzi ndi amayi ogulitsa tomato, ndevu zili mbuu, n'kumaimba a, e, i. Kulemba kokhotakhota mukuwerengaku kunachokera pamenepo.

Chipewacho ndinachivala zaka zitatu, mpaka tsiku lopuma ntchito. Ndinayesa kufuna china pa msika kuti ndisinthe mwakachetechete, koma za pamsika zinali zopepuka ngati zikho, ukagogoda zimalira moipa kuposa chosweka, komanso Mayi Msiska ankayendera zipewa zawo mwezi uliwonse. Ndiye ndinkakwera Khwekhwelere ngati ndasenza mazira. Pa kona ya Eliyasi ndinkatsitsa mapazi pansi. Ine amene kale ndinkafika ku boma maofesi asanatsegule ndinayamba kufika masana, ndipo m'malipoti analemba kuti Mbewe wakalamba, wayamba mantha. Ndinawasiya alembe. Khosi ili louma mukuliona, si kulemera kwa chipewa kokha ayi, ndi zaka zitatu zoyenda mutu utapendekera kumanja, poteteza mbali yosweka ija. Sindinagwe. Musati ndi nzeru zanga, Eliyasi ankayendetsa bwino kuposa ine. Tsiku lomaliza ndinapempha kuti ndipite nacho kunyumba ngati chikumbutso, anandilola, ndipo ndinachiwaza ndi nkhwangwa kuseri kwa khola. Chinagawanika ndi nkhwangwa imodzi yokha, potsata mzere uja.

Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti tsiku lija ndinachita chamuna. Mwina ndinachitadi. Masiku ena ndimaganiza kuti ndikanangokuwa monga ndinabadwira, zigwe zigwe, mwina Mayi Msiska akanapeza njira, anali munthu woona. Sindidziwa, ndipo ndatopa nako kuganiza. Chimene chimandibwerera si nkhope ya a Benedikito, koma ulendo wobwerera kunyumba Lachisanu lomwelo.

Mafuta anali oti tiyambire Lolemba, ndiye njinga tinazisiya pa ofesi n'kuyenda wapansi m'mbali mwa msewu wa tala, ine ndi Matiyasi, aliyense chipewa chake m'manja. Dzuwa linali likadali pamwamba. Ine ndinkayenda patsogolo, mtima uli m'malo, ndikuti mwana sakudziwa kanthu. Titapitirira msika anati, "Ababa, tabwereketsani chanucho."

"Chako chili ndi vuto lanji?"

"Ndingochiona."

Ndinakana, koma anali atachigwira kale. Ndinaiwala kuti naye anakulira pa mbiya za agogo ake. Anapinda chala, osayamba n'pamwamba pomwe, anangopita kuseri kwa khutu lamanzere. Anagogoda kamodzi. Tinaima pamenepo, minibasi ikutiimbira hutala.

"Ndinamva muli mu ofesi muja," anatero. "Munagogoda kawiri. Inu simugogoda kawiri."

"Bweretsa kuno."

"Tisinthane."

"Ndati bweretsa! Wasankha ndani poyamba, iwe kapena ine? Ukatsegula pakamwa pako kwa Mayi Msiska, njinga yako ikwera lole, ndipo mwana ali m'mimbayo udzamudyetsa chilungamo chakocho."

Apo ndiye ndinakuwa ndithu, amayi ogulitsa nsomba anaimirira kuti aone. Matiyasi anandibwezera chipewa, mwaulemu, ndi manja awiri. Tinayenda mpaka pa njira yokhotera kwathu. Pamenepo anaima, osandiyang'ana, maso ali kuphiri, nati:

"Ababa, inu mukuona ngati mwandipulumutsa. Chipewa chabwino mwandisiyira, inde, ntchito mwandisungira. Koma kuyambira Lolemba, inu mukakwera phiri lija, wokhala kunsi kuno kumvetsera foni ndine. Ndipo tsiku limene idzalire, wokawauza amayi ndine, nditavala chatsopano."